Zimene zachitika pambuyo pa opaleshoni yanga ya gastric band

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa momwe ndingakonzekerere opaleshoni ya gastric band, ija amamanga kalamba kumtunda kwa chifu kuti munthu azikhuta ndi chakudya chochepa, ndipo ndikuthokoza nonse amene munandiyankha.

Malangizo amene ndinawagwiritsitsa ndi oti ndisanyozere zakudya zochepa mafuta ndi shuga zimene adokotala anandilembera kwa milungu iwiri opaleshoni isanachitike. Poyamba ndinkaziona ngati chilango, koma cholinga chake n'chakuti chiwindi chichepe, popeza chimaphimba malo amene adokotala amagwirapo ntchito. Anandichita opaleshoni kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba, ndipo ndinatuluka m'chipatala tsiku lotsatira. Chimene chinandidzidzimutsa ndi ululu wa paphewa, umene anamwino anati umabwera ndi mpweya umene amapopera m'mimba. Kuyendayenda pang'onopang'ono, monga mmodzi wa inu ananenera, kunandithandiza.

Milungu iwiri yoyamba ndinkamwa zamadzimadzi zokha, kenako ndinayamba zofewa. Patatha milungu 6 anabaya madzi amchere pakachipangizo kolumikizidwa ndi lambayo kamene kali pansi pa khungu kuti lamba athine, ndipo apa m'pamene njala inayamba kuchepa.

Amene mukukonzekera opaleshoniyi, phunziranitu kutafuna mofatsa komanso kusamwa madzi pamene mukudya. Tsiku lina ndinameza kanyama mothamanga, kanakakamira pachifuwa, malovu ali chuchuchu, mpaka ndinasanza. Adokotala anandichenjeza kuti kusanza kukapitirira, kapena madzi akamakanika kutsika, ndipite kuchipatala msanga chifukwa lamba angakhale atathina kwambiri kapena atasuntha.