Mwana wa zaka 9 sakutha kuwerenga, ndimuthandize bwanji pakhomo?

Mayi wa ku Nchalo:
Abale ndikupempha nzeru. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 9 koma akubwereza sitandade 2 ndipo mpaka pano kuwerenga kukumukanika. Amasokoneza b ndi d, olo dzina lake lomwe nthawi zina amalemba zilembo chotembenuza, mumuphunzitse lero mawa waiwala. Chondizunguza mutu nchoti mwanayu ngochenjera, ndikamusiya pa benchi ya tomato amabweza chenji bwinobwino, nthano za agogo ake akamva kamodzi amafotokoza yonse. Bambo ake akuti ndi ulesi akufunika chikwapu, apongozi anga akuti pali munthu anamuchita chipongwe tipite naye kwa asing'anga. Pano wayamba kudana ndi sukulu, m'mawa uliwonse akuti m'mimba mukupweteka. Nditani?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Mayi, choyamba chikwapu chichoke, muwauze bambowo mwaulemu kuti mwana wamantha saphunzira, zakuti m'mimbazo ndi mantha amenewo. Kusokoneza b ndi d kwa ana oyamba kumene sizachilendo, koma pa zaka 9 mwana wochenjera pa zina zonse nkumakanika pa zilembo zokha, akhoza kukhala ndi vuto lomwe amati dyslexia. Si ufiti ndipo si misala, ubongo wake umangovutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake, ndiye amafunika kubwereza kwambiri komanso pang'onopang'ono kuposa anzake.

Mwayi wake Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera. Yambani ndi a e i o u basi mpaka azizindikira mutazisakaniza, osati kuimba ngati nyimbo chifukwa ana otere amaloweza msanga inu nkumati wadziwa. Kenako chilembo chimodzi, tinene m, muzitchula liwu lake mmm osati dzina lake lachingerezi, apange ma me mi mo mu. Mukaonjezera n ndi l ayamba kale kuwerenga mawu enieni monga mano, malo, mame, ndipo tsiku lomwe adzawerenge liwu yekha mudzaona nkhope yake. Za nkh, mph, ng'w zija zidikire kaye. B ndi d musamuphunzitse sabata imodzi, agwire b mpaka akhazikike.

Kope musathamangire. Alembe ndi chala pamchenga zilembo zikuluzikulu akutchula mokweza, aumbe ndi dongo aumitse padzuwa, dulani katoni mulembe maphatikizo ndi makala azilumikiza yekha. Dzanja, diso ndi khutu zikagwira ntchito limodzi zimakhala m'mutu. Mphindi 10 kapena 15 patsiku zakwana bola tsiku lililonse, ndipo ndi kutentha kwathu kuno muzichita m'mamawa kapena dzuwa litapepa, masana mwana wongoweruka kumene ndi njala palibe chomwe angagwire.

Bambo wa ku Bangula:
Aphunzitsi anena zoona koma ine ndionjezere, mupite naye kuchipatala akamuone makutu ndi maso. Wanga ankatuluka mafinya m'khutu ali wamng'ono, kumeneko khutu limodzi silimamva bwino ndipo m'kalasi mwa ana ochuluka chonchija amakhala kumbuyo osamva kanthu. Atamupatsa mankhwala tinapempha kuti azikhala kutsogolo zinayamba kusintha. Ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka muwauzenso adokotala.

Mtsikana wa ku Nsanje boma:
Mumulembetse pati taimu mayi, azakhali anga anatero ndi wawo.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Achemwali pati taimu imathandiza mwana amene anangotsalira, monga aja anajomba nthawi yayitali mu 2023 sukulu zitasanduka makampu chifukwa cha namondwe wa Freddy. Koma uyu mukamuika pagulu lina kuti azikopera pa bolodi ndi zomwezija zikumukanika kusukulu, ndalama ingopita. Bola mayi apite kwa ahedi akapemphe kuti mwana aonedwe ndi mphunzitsi wa special needs (wa ana ofunika chithandizo chapadera pophunzira), aja amaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu. Si sukulu iliyonse ili naye koma a PEA (alangizi a sukulu za pulaimale m'dera) ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'deralo) amadziwa komwe kuli resource centre (malo othandizira ana otere) yapafupi.

Agogo a ku Makhanga (akulemba mdzukulu):
Agogo akufunsa kuti pakhomo mumayankhula chani? Kuno ana ambiri amakula ndi Chisena ndiye akafika sitandade 1 buku lili m'Chichewa, amakhala akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi. Akuti poti nthano amazikonda, iye azinena inu muzilemba mawu ake omwewo papepala kenako muwerengere limodzi mukuloza ndi chala.

Mayi wa ku Nchalo:
Zikomo nonse. Pakhomo timasakaniza, bambo ake ndi Asena ine Mmang'anja, ndiye za agogozo ndiyesa. Khutu linamuvutapo ali ndi zaka 3, Lolemba ndipita naye kuchipatala kenako ndikaonane ndi ahedi. Aphunzitsi ndifunseko, mlongo wake ali sitandade 6, angamamuthandize iyeyo masiku omwe ine ndili kumsika?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Angathe, koma mumuuze kuti asamamuseke kapena kumuuziratu yankho, amudikire ayesere yekha. Ndipo asapitirire chilembo chomwe inu mwasiyira.