F-350 ya bodi ya aluminiyamu, ndigule kapena ndithawe? Ndaona ufa woyera pa mabawuti

Bambo a Tadala:
Akuluakulu moni nonse, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama zanga. Ine ndili ku South Bend kuno ku Indiana, ndagwira ntchito yosamalira okalamba zaka 6 ndipo msana wayamba kudandaula, ndiye ndikufuna ndiyambe yokoka ma RV, ngolo zokhala ngati nyumba zomwe anthu amagonamo pa maulendo, kuchoka ku Elkhart kukasiya kwa madila m'madera ena. Amene mumaidziwa ntchitoyi mukudziwa kuti pamafunika thiraki ya dizilo yamphamvu osati timapikapu tomwe timapitira ku tchalitchi iti. Loweruka ndinakaona Ford F-350 ya 2018, injini 6.7 Power Stroke, yayenda mamailosi 140,000, mwini wake ndi madala ena ankakokera ngolo ya mahatchi. Kunja ndi yokongola ngati yatuluka dzulo mushopu, m'munsi mwa zitseko mulibe ngakhale kadontho ka dzimbiri, pamene ya mnzanga ya 2014 pamwamba pa matayala a kumbuyo panadyeka kale mpaka umalowetsa chala. Koma nditakwera kumbuyo, pomwe anamangirira bokosi la zida, kuzungulira mabawuti onse anayi penti watupa ngati matuza a moto, nditakanda ndi chikhadabo kunatuluka ufa woyera ngati wa kondowole. Madalawo akuti aluminiyamu sachita dzimbiri, ndingopukuta. Nanga ufawo ndi chani? Mlamu wanga nayenso akuti ndisayerekeze, akuti galimoto zimenezi ndi chitini cha mowa, anaona vidiyo akugwetsa miyala kumbuyo bodi n'kubooka. Ndalama yake ndi ya loni abale, ndiuzeni zoona.

Makaniko wa ku Toledo:
Achimwene madalawo anena zoona theka, theka linalo abisa. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija timalidziwa, koma amadyeka ndithu, ndipo ufa woyera mwauonawo ndiye kudyeka kwakeko. Akakhala payekha alibe vuto, amapanga kachikopa kopyapyala pamwamba n'kudziteteza yekha. Vuto limayamba akakhudzana ndi chitsulo china pali madzi, makamaka madzi a mchere omwe amathira m'misewu yathu ino nthawi ya sinowo. Pamenepo pamakhala ngati kabatire kakang'ono, magetsi amayenda pakati pa zitsulo ziwirizo ndipo amene amaluza ndi aluminiyamu. Ndiye munthu anaboola bodi, sanapake kanthu pabowopo, n'kulowetsa bawuti ya chitsulo wamba, basi nyengo zozizira zingapo ufa uja wayamba. Pitaninso mukawapemphe achotse bokosilo muone pansi pake. Ngati kudyekako kwangozungulira mabowo pang'ono, ndi nkhani yopala, kupaka mankhwala oyambira penti a aluminiyamu, kumata, n'kuika mabawuti okutidwa ndi mawashala a pulasitiki kuti zitsulo zisakhudzane. Koma mukapeza matuza pamalo pomwe palibe anaboolapo, monga m'mphepete mwa boneti kapena pachitseko cha kumbuyo, ndiye funsani bwino ngati galimotoyo inachitapo ngozi ndipo inakonzedwa kuti.

Nachisale:
Kkkkk kondowole pa F-350, mwasowa kumudzi eti achimwene

Ankolo a ku Area 23:
Ine sindili ku America koma nkhani iyi si yachilendo, ana inu mwaiona lero ife tinaiona pa Land Rover kalekale. Ma Land Rover aja a boma ndi a mishoni bodi yake inali ya aluminiyamu kuyambira 1948, chasisi chokha ndi khoma lija lolekanitsa injini ndi madalaivala ndiye zinali zachitsulo. Pitani m'magaraja akale mukaone, bodi ikadali chilili pamene chasisi chinatha ngati chadyedwa ndi chiswe. Ndipo pamene bodi inkadyeka ndi m'munsi mwa zitseko, chifukwa mkati mwa chitseko munali felemu yachitsulo aluminiyamu atangokutira pamwamba, ufa woyera womwewo mukunenawu. Ndiye amakanikowo sakunama. Mwana wanga usamayang'ane nkhope ya galimoto, gona pansi uone mimba.

Bambo a Tadala:
Zikomo ankolo. Pansi sindinalowe ayi, kunali matope ndiye ndinangosuzumira. Kodi chasisi cha F-350 nachonso si cha aluminiyamu?

Makaniko wa ku Toledo:
Ayi ndi chachitsulo. Ford anayamba bodi ya aluminiyamu pa F-150 ya 2015, kenako ma Super Duty awa, F-250, F-350 ndi F-450, kuyambira ya 2017. Chomwe chinasintha ndi kabini ndi bokosi la kumbuyo basi. Chasisi, ma ekiselo, masipuling'i, zogwirira thanki, zonsezo ndi chitsulo ndipo zimachita dzimbiri ngati galimoto ina iliyonse ya ku Michigan kapena Ohio. Pamenepa ndi pomwe anthu amagwa napo, kale thiraki ikayamba kuwola umaonera kunja n'kudziwa kuti pansi zinthu sizili bwino, pano kunja kumakhala phee kukongola pamene pansi mchere ukugwira ntchito yake mwakachetechete. Komanso chasisi chake ndi chotseka mbali zonse ngati paipi ya makona anayi, ndiye matope a mchere akalowa mkati samatuluka msanga. Tengani tochi ndi kahamala kakang'ono, gogodani makamaka cha kumbuyo pomwe pamangidwa chokokera ngolo, ngati zikugwa zimakoko zikuluzikulu musiyeni madalawo ndi thiraki yawo.

Dalaivala Wautali:
Ine ndikukoka ma RV chaka chachitatu tsopano, ndiye ndinene zomwe ndaona. Vidiyo ya mlamu wanuyo inali yotsatsa malonda ya Chevrolet ya 2016, anagwetsa miyala yomangira ndi bokosi la zida kumbuyo kwa F-150 ndi kwa Silverado kuti aonetse kuti yawo yachitsulo ndi yolimba. Kubooka inabookadi, koma inu mukagwetsa liti miyala kuchoka m'mwamba pa bodi yopanda kalikonse? Ntchito yathuyi kulemera konse kumapita ku chasisi kudzera pa chokokera, bodi imangonyamula chikwama ndi zida. Komanso a GM omwewo, eni ake a Chevrolet, ma Silverado a 2019 anaikamo zitseko ndi boneti za aluminiyamu, ndiye nkhondo zawo zisakulowetseni mantha. Chimene chinandipweteka ine ndi china. Ndinapita pa kagaraja kena kotchipa kuti andiikire thanki yachiwiri ya dizilo kumbuyo, anyamatawo anaboola n'kuika mabawuti osachita dzimbiri aja onyezimira, ine n'kumasangalala kuti andiikira zabwino, osadziwa kuti amenewo ndiye amadya aluminiyamu kuposa wamba. Pofika Malichi mabowo anali atakula, thanki ikugwedezeka ndikadutsa pa bampu. Ndinabwerera akuti ife sitidziwa. Ndinalipira kawiri. China choseketsa, chikwangwani chanu cha kampani cha maginito sichigwira pachitseko, ine ndinagula ziwiri ndisanaganize, ndimvekere phaa pachitseko icho gwaa pansi, pano zili pa fuliji kunyumba ana amamatira zojambula zawo.

Mai Awiri:
Inu mukukamba za dzimbiri koma funsani kaye a inshuwalansi musanasaine. Amuna anga amagwira ntchito kowongola magalimoto ochita ngozi, akuti aluminiyamu sawongoka ngati chitsulo, ukamumenya kwambiri amauma n'kung'aluka, ndiye nthawi zambiri amangochotsa mbali yonseyo n'kuika yatsopano. Bodi yake anailumikiza ndi ma rivet ndi guluu wamphamvu, si yongowotcherera ngati zakale, ndipo zida zake zimakhala zapadera, sugwiritsa ntchito sandipepa kapena burashi yomwe wapalira chitsulo chifukwa fumbi lachitsulo likakakamira pa aluminiyamu n'kupakidwa penti pamwamba, matuza aja amatuluka pakapita nthawi. Magaraja abwino amachita kutchinga malo akeake a aluminiyamu. Ndiye si garaja iliyonse ingakukonzereni, mukagunda gwape usiku kutali uko mungadikire masabata opanda ndalama yolowa loni ikuwerenga.

Chikondi wa ku Joni:
Nanga mukadzafuna kuitumiza kumudzi? Amisiri athu a pansi pa mtengo akangoyatsa gasi pamenepo bodi yonse isungunuka ngati poto kkkk, aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 a Celsius okha ndipo safiira kukuchenjezani ngati chitsulo, umangoona bowo. Chiwongolero chakenso chakumanzere.

Bambo a Tadala:
Kumudzi ayi aise, iyi ndi khasu langa la kuno, ikadzatha idzathera konkuno.

Dalaivala Wautali:
Ndiye ngati ndi khasu, ndalama zanu zomwe mukuopa sizili pa bodi, zili pa injini. Pampu ya mafuta ya injini ya 6.7 imeneyi ndi ya mtundu wotchedwa CP4, nkhani yake ndi yodziwika mpaka inafika kumakhoti, ikafa imagaya tizitsulo n'kutumiza mu ma injekita ndi mapaipi onse mpaka mu thanki, kukonza kwake ndi madola masauzande ambirimbiri. Afunseni madalawo mapepala osinthira mafyuluta a dizilo komanso ngati amakhetsa madzi pa fyuluta ya pansi ija. Ambiri amaikapo kachipangizo koti pampu ikafa zinyalalazo zisafike ku ma injekita. Chinanso muiyendetse pa msewu waukulu mamailosi 60 kapena 70 pa ola mudutse dala pamalumikizidwe a mlatho, mumve ngati chiwongolero chikuyamba kunjenjemera mwamphamvu, ma thiraki a ekiselo imodzi yolimba kutsogolo awa zolumikizira zikatha amachita zimenezo ndipo ukakumana nazo uli ndi ngolo kumbuyo umaitana mayina onse a makolo ako.

Ankolo a ku Area 23:
Mwaona, mwabwera ndi funso la ufa mukubwerera ndi pampu. Galimoto ndi choncho.

Makaniko wa ku Toledo:
Za pampu ndikuvomereza koma tisamuopseze kwambiri munthu, zambiri zimayenda mamailosi ochuluka osavuta ngati dizilo ndi woyera. Ine pa bodi ndimaikonda, a Ford anaipepulitsa galimotoyi mpaka makilogalamu pafupifupi 160 ndipo kulemera kwina anakubwezera pa chasisi ndi ma ekiselo olimbirapo. Mukagula, musanalowe Novembala kaipopereni mafuta oteteza pansi, ngati Fluid Film kapena Woolwax, mpaka mkati mwa chasisi, ndipo mukabwera ku ulendo wa mchere muzitsuka pansi osati pamwamba pokha pomwe anthu amaona. Penti wakuda wokhuthala uja wa ngati phula ine sindimulimbikitsa, akang'aluka amasunga madzi mkati.

Bambo a Tadala:
Ndabwera kumene abale. Madalawo poyamba anakana kuchotsa bokosi akuti msana, ndiye ndinamasula ndekha, bawuti imodzi inachita kuduka. Pansi pake mabowo atatu angodyeka pang'ono ngati kukula kwa kobiri, lachinayi ndiye lakula ndithu chala chaching'ono chikulowa. Kwina konse ndayenda ndi tochi palibe thuza. Ndinayala katoni n'kulowa pansi monga ananenera ankolo, chasisi chili ndi dzimbiri lapamwamba koma hamala ikulira bwino ngwee, kupatula chogwirira thanki chimodzi chomwe chatsala ngati pepala. Pa mlatho chiwongolero sichinachite kanthu. Mapepala a mafyuluta ali nawo mpaka mamailosi 110,000, kuchoka apo akuti amene ankasintha ndi mwana wawo. Ndawauza atsitse mtengo ndi madola 2,000 akuti akambirana ndi amayi a kunyumba andiyimbira mawa. A Makaniko, Toledo si patali, ndikaibweretsa Lachisanu mungaikweze muione bwino ndisanasaine?

Makaniko wa ku Toledo:
Bwerani m'mawa isanakwane 9, mutenge ndi bawuti yodukayo ndiione.