Galimoto ikungoti "tha!" osalira, akuti ndi solenoidi

Mayi wa Usipa, Nkhotakota:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi pikapu ya dizilo yomwe ndimanyamulira usipa kupita nawo ku Salima. Masiku ano ndikapotokola kiyi imangoti "tha!" kamodzi, basi zii. Anyamata akaikankha imalira bwinobwino. Amene amandikonzera akuti ndi solenoidi, ndigule sitata yonse. Kodi solenoidi n'chiyani? Ndisanatulutse ndalama ndikufuna ndimvetse kaye.

Madala Makaniko, Kamuzu Road:
Mayi, musathamangire kugula sitata. Mukasuzumira pa sitata muona kachitini kakang'ono kokwera pamwamba pake, kolumikizidwa ku chingwe chonenepa chochokera ku batire. Ndiye solenoidiyo. M'kati mwake muli waya wamkuwa wokulungidwa maulendo ambirimbiri, ndipo pakati pali kachitsulo kotha kusuntha. Magetsi akadutsa mu wayayo pamabadwa mphamvu ya maginito, kachitsulo kaja n'kukokedwera m'kati. Mukasiya kiyi maginito amatha, sipuling'i n'kukabweza pamalo pake.

Kukokedwa kumodziko kumagwira ntchito ziwiri. Kumakankha kagiya ka sitata kuti kalume mano a flywheel, chimbale chachikulu chachitsulo chomwe chikazungulira chimazunguza injini, komanso kumagunditsa kambale kamkuwa pa mabawuti awiri kuti magetsi ambiri a batire alowe mu sitata. Sitata ya dizilo imakoka ma amp (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi) mazanamazana, ndiye mawaya opyapyala a pa kiyi sangapirire, angapse pompo. Kiyi imangodzutsa solenoidi, katundu wolemera amasenza ndi iyeyo.

Tsono "tha!" mukumumvayo ndi kachitsulo kaja kakugunda, kutanthauza kuti waya wokulungidwa uja ndi wamoyo. Kawirikawiri chomwe chimakhala chitatha ndi mkuwa wogundana uja, chifukwa nthawi iliyonse mukaliza pamathetheka moto, pang'onopang'ono n'kumadyeka. Pa masitata ambiri a galimoto za ku Japan timatsegula n'kusintha timikuwa tokhato. Koma si onse ayi, ena anamatidwa, sungatsegule.

Yesani izi madzulo: yatsani nyale zakutsogolo, wina apotokole kiyi. Zikazirala kwambiri, yambani mwakayikira batire kapena mitu yake. Kuno kunyanja chinyontho ndi chambiri, mitu ya batire imachita zoyerayera zija msanga, ndiye ipaleni, muimange zolimba, muonenso chingwe chopita ku thupi la galimoto. Zikakhala zowalabe koma sitata osazungulira, vuto lili pa solenoidi kapena pa mabulashi a sitata, tizidutswa topereka magetsi ku chitsulo chozungulira m'kati mwake.

Mphunzitsi wa Sayansi, Dwangwa:
Madala afotokoza bwino. Ndingowonjezera kuti zimenezi zinayamba mu 1820, pomwe Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona singano ya kampasi ikutembenuka waya wodutsa magetsi atayandikira. Waya wowongoka mphamvu yake ya maginito ndi yochepa, koma ukaukulunga, mkombero uliwonse umawonjezera pa unzake, mphamvu n'kusonkhana pakati. Ana anga ndimawakulungitsa waya wokutidwa pa chubu cha bolopeni, kulumikiza ku mabatire a tochi, kamsomali n'kumalowa kokha m'chubumo. Waya umatentha msanga, sitichedwetsa.

Mayi, galimoto yanu ingakhale ndi solenoidi ina pa pampu ya dizilo. Imeneyo imatsegula njira ya mafuta mukayatsa kiyi, mukazimitsa imatseka, injini n'kuzima. Poti mukakankha ikulira, imeneyo ilibe mlandu.

Wa Kabaza, Khombedza:
Njinga yanga yamoto imati "tatatata" mofulumira, osati kamodzi. Anzanga amangogunditsa sipanala pa mabawuti aja, n'kulira. Ndi vuto lomwelo, madala?

Madala Makaniko, Kamuzu Road:
Ayi mphwanga, yakoyo nthawi zambiri ndi batire lofooka. Solenoidi ikakoka, sitata imamwa magetsi onse otsalawo, solenoidi n'kutaya mphamvu n'kubwerera. Ikangobwerera magetsi amakweranso, iyo n'kukokanso, ndiye phokoso lakelo. Tchaja batire, kapena uziliza ndi kiki mpaka upeze lina.

Za sipanalazo sindizikonda. Pamathetheka moto pafupi ndi petulo, mabawuti amapsa, ndipo njinga ikakhala mu giya imanyamuka yokha iwe uli chowerama. Mayi, inunso musalole anyamata kuchita zimenezo pa pikapu ili mu giya. Uzani okukonzeraniwo amasule sitata, aitsegule inu mukuona, mkuwawo ukadyeka umaoneka ndi maso.