Zija za MX-5 ndi MR2, ndasankha

Anzanga, paja ndinafunsa kuti pakati pa galimoto ziwiri, Mazda MX-5 ya 2001 ndi Toyota MR2 ya 2002 nditenge iti. Ndatenga Mazda.

MR2 ija kuyendetsa kokha imakoma zedi, injini ili kuseri kwa mipando ndiye pamakona imangomata msewu, koma makaniko atasolola kachitsulo koyezera oilo anapeza watsikiratu, komanso ukaponda moto ikutulutsa kautsi kabuluu. Akuti mainjini a 1ZZ, mtundu wa injini imene ili mu MR2 imeneyi, a zaka zoyambirirazo amadya oilo, ndiyeno zosefera utsi za mupaipi yotulutsa utsi zimene zili pafupi ndi injini zikayamba kuphwanyika tizidutswa take timalowa m'masilinda, basi injini yapita. Poika katundu napo palibiretu, kachikwama kamodzi kuseri kwa mpando kwathera pomwepo.

Zija munanena kuti ma Mazda amenewa amachita dzimbiri kunsi n'zoona ndiye sitinachite chibwana. Tinaikweza, makaniko n'kumagogoda ndi sikuludiraiva kunsi kwa zitseko chakumatayala akumbuyo mpaka zitsulo zakutsogolo za chasisi, zonse zolimba, kungoti timabowo totulutsa madzi a denga tinatsekeka ndi zinyalala. Lamba wa taimingi, amene amayendetsa mavavu a injini pa nthawi yake, sakudziwika anasinthidwa liti, ndiyamba ndi ameneyo pamodzi ndi pampu ya madzi.