Kodi mbande za ku nazale n'zoyeneradi ndalama zake?

Mwana wa ku Thekerani:

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Bambo atatisiya anandisiyira kamunda ka theka la ekala kwathu ku Thekerani, ku Thyolo. Tili ana munali nthochi zokhazokha, ndipo malole ankafika mpaka kumsika kudzanyamula mikoko. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera mmenemo. Kenako matenda a chisaka analowa. Masamba ankatuluka aang'onoang'ono, othinana pamwamba ngati tsache, mkoko osaoneka. Bambo ankangoima pakati pa munda manja ali kumsana, osanena kanthu. Lero ndikamagula nthochi za ku Tanzania mu Limbe muno mtima umandiwawa.

Mvula ikubwerayi ndikufuna kubzalanso. Alangizi akuti ndigule ana a nthochi kwa anthu odziwa kuchulukitsa mbewu. Amalume akuti kumeneko n'kutaya ndalama, ndingokakumba ana pa mapando awo a kuseri kwa nyumba, omwe akuonekadi athanzi. Ndikufunanso mango khumi ndi manachesi pang'ono. Kodi anthu a nazalewa amachita chiyani chimene ine sindingathe?

Mayi wa nazale, Bvumbwe:

Achimwene, pepani ndi za bambo. Ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa, ndiye mukhoza kunena kuti ndikudziitanira malonda, komabe ndimvereni.

Chisaka chimayenda njira ziwiri: ndi nsabwe zakuda zija zimabisala m'munsi mwa masamba, komanso ndi ana a nthochi amene timapatsana pachibale. Phando likhoza kukhala ndi matenda koma osaonetsa msanga. Ndiye maso okha sangakuuzeni kuti ana a kwa amalume ali bwino. Mankhwala ochiza palibe. Likadwala, n'kuzula phando lonse ndi mizu yomwe. Mbewu yodalirika imayambira ku labotale, kenako imaleredwa m'machubu pamthunzi mpaka italimba. Zimene mumalipira ndi chisamaliro chimenecho.

Koma ndisakunamizeni, mbewu yopanda matenda nayo imadwala ikafikiridwa ndi nsabwe. Ngati oyandikana nanu asunga mapando odwala, mudzalira kachiwiri. Yambani mwakhala pansi ndi amalume, anansi komanso amfumu, muzule zakalezo.

Za mango: ife timafesa nthanga za mango achikuda, kamtengo kakafika kunenepa ngati pensulo timadula n'kumezanitsapo kanthambi ka Kent, Keitt kapena Tommy Atkins, n'kumanga ndi kapulasitiki. Mpeni ukapotoka pang'ono sizigwirana. Ine chaka choyamba zambiri zinandifera m'manja. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene wa nthanga mumaudikira nthawi yaitali kuposa apo. Manachesi timawaika pa tsinde la mandimu chifukwa mizu yake ndi yolimba.

Wa ku Mwanza:

Mayiwa akunena zoona, koma si aliyense woyala machubu m'mbali mwa msewu amene ali katswiri. Ine ndinagula mbande 15 za "manachesi" kwa munthu wina pa depoti. Ndinathirira ndi ndowa zaka zinayi, madzi ochokera kudambo. Zitabereka, anali mandimu okhaokha! Mwana wa ku Mwanza ngati ine kupusitsidwa pa manachesi, zimandiwawabe. Musanapereke ndalama gwadani muone chipsera pamene analumikizira. Mupite kunazale kwenikweniko, akuonetseni mtengo umene amadulako nthambi. Amene akuzemba kukuonetsani, musiyeni.

Mlimi wa mtedza, Mchinji:

Kwathu kuno nkhani ndi yomweyo ngakhale mbewu ndi ina. Ochulukitsa mbewu ya mtedza wa CG7 amalembetsa, ndipo a ku Chitedze, malo a boma ofufuzira za ulimi, amabwera kudzayendera munda. Mtedza wachilendo ukaoneka pamzere amauzula. Wogulitsa pamsika zimenezo sachita. Ndalama zikachepa gulani zochepa koma zenizeni, muzionjezera chaka ndi chaka.

Mwana wa ku Thekerani:

Zikomo nonse. Mayi a ku Bvumbwe, mwandikhudza pamene mwanena za anansi, chifukwa m'malire mwathu muli mapando atatu a agogo ena amene sabereka koma iwo safuna kumva zowadula. Loweruka ndikupita kumudzi, ndikayambira kwa amfumu limodzi ndi alangizi. Amalume ndikawauza mwaulemu kuti ana a nthochi zawo sinditenga. Mango ndiyamba ndi asanu okha. Funso lina: mphukira zikatuluka m'munsi mwa chipsera chija, ndizisiye?

Mayi wa nazale, Bvumbwe:

Ayi, muzizithothola zikangooneka, apo ayi tsinde lachikuda lija lidzalanda chakudya chonse. Maluwa oyamba nawonso muwachotse, ngakhale zimapweteka mtima, kuti mtengo uyambe wakhwima. Mayenje mukumbiretu panopa, muthiremo manyowa owola bwino mvula isanagwe.