Chimene ndasankha pa nkhani ya katundu wa mayina otchuka ndi wotchipa

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati n'kwanzeru kukakamirabe katundu wa mayina otchuka pamene mitengo yakwera chonchi, makamaka kuyambira pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndikuthokoza nonse amene munandilangiza, ndipo ndikufuna kukudziwitsani zimene ndasankha.

Pa mankhwala a mutu nkhani yake ndi yapafupi, chifukwa Panado ndi paracetamol wamba zili ndi mankhwala amodzimodzi, mamiligalamu 500 pa m'bulu uliwonse. Tsopano ndimagula wotchipayo, bola ndimupeze ku famase yovomerezeka. Pa mchere ndimangoona ngati paketi yalembedwa kuti muli ayodini.

Mafuta ophikira ndiwo anandiimitsa mutu. Malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira ndi shuga zikhale ndi vitamini A, ndipo chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe la boma loona za ubwino wa katundu, pa botolo ndicho chimandipatsa chikhulupiriro kuposa dzina la kampani. Mafuta oyeza m'timapulasitiki pamsika ndawasiya ngakhale ndi otsika mtengo, popeza wogula sadziwa kumene achokera, ndiponso amakhala padzuwa tsiku lonse pamene kuwala kumawononga vitamini ameneyu. Ndimagula botolo lotsekedwa la kampani iliyonse, kaya yotchuka kaya ayi.

Pa sopo waufa pokha ndabwerera ku wa dzina lotchuka amene ndinkagula kale, chifukwa wotchipa amene ndinayesa ankafunika kuthira wambiri kuti zovala ziyere, moti paketi inkatha msanga.