Mabonasi a mabwana angathandize kampani yomwe ikugwa?

Anzanga a ku Zomba kuno, ndithandizeni maganizo. Ndili mu bodi ya kampani yaing'ono yogaya ndi kupakira mpunga wa ku Chilwa. Malonda atsika, makina ndi akale, ndipo magetsi akazima ntchito imaima. Bwana wamkulu timamupatsa bonasi potengera phindu la chaka chimodzi, ndiye safuna kugula makina atsopano kapena kuika sola, poti ndalamazo zikatuluka bonasi yake ichepa. Sindikumuda, aliyense amateteza m'thumba mwake, koma zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Ena akuti timupatse masheya kuti aziganizira zaka zitatu kapena zisanu. Koma masheya a kampani yodwala angamukope? Nanga akalimba mtima n'kutenga ngongole ya chiwongoladzanja chokwera chonchi, osatimiza? Amene munakumanapo nazo, malipiro a bwana munawakonza bwanji?